Musagwetse Khoma la Amayi

Kwa Chimbalame,
Chezi,
Dowa.
15 Okutobala, 1972.

Okondedwa achimwene Agustino,

Khalani pansi kaye, muvule chipewa chija munajambulitsa nacho, chifukwa wolemba kalatayi ndine Alexio, mng'ono wanu yemwe uja anathawa sukulu ali Sitandade 4. Lero sindinapite kukapempha aphunzitsi kuti andilembere, ndagwira ndekha pensulo. Mukaona zilembo zina zapendekeka musadandaule, sizinaledzere, zangotengera mwini wake. Kupositi sindiponya ayi, kumeneko kalata imayamba yawerengedwa ndi anthu osawadziwa. Ndapatsira a Obadiya amene akubwerera ku Halale konko Lachinayi, ndipo ndawauza kuti akakupatseni m'manja, asakasiye kwa mlonda wa pahotela panupo. Ndiye ndilankhula ngati tili awiri kudimba.

Ngati inu muli bwino kumeneko, ife kuno tikupuma. Dzuwa lake ndi lija mukulidziwa la Okutobala, nyenje zikulira mpaka m'mutu, mapiri onse atuwa ndi utsi wa lupsa. Nazale ya fodya yamera bwino, wothirira ndine, inde ine ndemwe, mudzafunse aliyense. Alongo anu a Margareta ali bwino, kamwana kawo kayamba kuyenda ndipo katengera makutu anu, Mulungu akachitire chifundo. Mbuzi yamawanga ija inaswa awiri. Amayi aliko. Za amayi ndinena bwino kutsogoloku.

Tsopano nkhani ya nyumba. M'kalata yanu ya pa Pasaka munalamula ngati bwana wa kuboma: njerwa ziumbidwe, ziwotchedwe, nyumba yakale ya mdindo igwetsedwe mvula isanabwere, yatsopano imangidwe pamalo omwewo pafupi ndi mango a malemu bambo, simenti mkati ndi kunja, malata pamwamba. Munati amayi asamagone m'dothi ngati alibe mwana ku Halale. Mawu amenewo anandikoma, ndinawabwereza pa bawo mpaka anzanga anatopa nane. Njerwa ndinaumba, musakomoke. Uvuni tinawotcha, zinapsa bwino, ukagogoda imodzi ikulira ngati belu la ku parishi. Malata anafika, simenti ili pouma kwa a Margareta. Koma nyumba sindinagwetse. Lolemba lapitali a Vinsenti, mmisiri munamutchula uja, anabwera ndi piki, ine ndinawabweza. Musang'ambe pepalali, achimwene, ndathothola m'kope la mwana wa eni. Werengani mpaka pansi, mukatero munditukwane bwinobwino.

Ndiponso mlandu wake ndi wanu, chifukwa ndinu munandituma kukumba nkhuti ya njerwa. Ndinakumba kuseri kwa khola lakale, potsetsereka popita kudambo. Pamwamba panali katondo wathu yemwe uja wofiira. Nditalowa kufika m'chiuno dothi linasintha, linakhala lachikasu ngati dzungu. Kutsika pang'ono, loyera mbee. Ine sindinalabadire, dothi ndi dothi. Tsiku lina masana amayi anandibweretsera thobwa. Anaima m'mphepete mwa nkhuti, chipanda chili m'manja, osandipatsa. Ine kukhosi kuli gwa.

Ndinati, "Amayi, thobwalo mwabweretsera ine kapena dzenje?"

Iwo anangotula chipanda, n'kukwinya chitenje, n'kutsikira m'dzenjemo ngati mtsikana. Anapala dothi lachikasu lija ndi chikhadabo, analifikisa pa zala, analinunkhiza, mpaka kulilawa, achimwene!

Ndinati, "Amayi, musatichititse manyazi. Pa msinkhu wanuwu mwayamba kudya dothi? Tikauze anthu kuti tikuyembekezera mng'ono wanga?"

Anati, "Chitsiru iwe, katenge maphale."

Poyamba palibe anadabwa. Mayi kuzira khonde n'chachilendo? Anazira ndi mtsiro wakuda monga amachitira akazi onse, n'kukoka kamzere kofiira m'munsi mwa khoma loyang'ana kunjira lija. Ine ndinangowaseka kuti akusambitsa nkhuku yoti iphedwa mawa. Koma mzere uja sunaime. M'mawa mwake ndikupita kunkhuti ndinapeza wapindika, wakwera, watsika, wakweranso. Ndinadutsa, kenaka ndinabwerera chafutambuyo, khasu lili paphewa. Achimwene, anali mapiri. Osati mapiri wamba ayi, athu enieni, monga amaonekera ukaima pa chulu cha kumunda wa fodya: lija lokhala ngati linunda la ng'ombe, lija logawika pakati tinkatolako masuku, ndi kaphiri kaja munagwapo n'kuthyoka dzino pothamangitsa mwana wa nyani. Ndinaima pamenepo mpaka matope anandiumira kunkhuti.

Kuyambira tsiku limenelo amayi akamaliza za m'mawa amandandalika maphale awo pakhonde, lililonse ndi dothi lake losungunula. Zida zawo ndi nthenga ya nkhuku, chitsononkho, ndi zala basi. Amati lofiira ndi la zinthu zapafupi, zimene ungathe kuzigwira. Lakuda ndi la mithunzi ndi ng'ombe. Loyera ndi la nkhungu ndi akakowa. Koma ankadandaula kuti likusowa limodzi, lotuwa ngati nkhunda, lopakira zinthu zakutali. Ndinati, "Amayi, zinthu zakutali zili ndi mtundu wake?" Anati, "Maso uli nawo awiri, koma umangoonera atsikana." Dothi limenelo akuti limapezeka pamalo amodzi okha, pa kamtsinje ka kwawo kutsinde kwa phiri la Ntchisi, kumene bambo anakawatenga chitengwa ali namwali.

Ndiye mu Julaye, kukuzizira koti mano kumenyana, ndinapopa njinga ya bambo ija, ndinamanga chiguduli pakaliyala, n'kuwakweza mayi anu. Musafunse kuti njerwa ankaumba ndani masiku amenewo, zinkapuma. Tinanyamuka kukuyera kumene. Achimwene, kodi ku Halale kuli m'mawa wotere? Nkhungu inali itadzaza zigwa zonse ngati thonje loyanika, mapiri angotulutsa mitu yokha, uku limodzi, uko lina, ngati ng'ombe zowoloka mtsinje. Pansi pa nkhungupo timamva atambala, timamva mtondo, timamva mayi akuitana mwana, koma mudzi osauona. Zinali ngati dziko lonse likulankhula kutulo. Pachitunda ndimatsika n'kumakankha, iwo akuyenda atagwira kaliyala. Titafika pamtsetse wina wautali ndinayamba kufinya mabuleki, pofuna kuti ndisakuphereni mayi. Ndinangomva chibakera pamsana.

"Usagwire mabuleki, iwe!"

Ndinasiya. Tinalowa m'nkhungu muja ngati mwala wa legeni, duku lawo linauluka, ndipo kumbuyo kwanga ndinamva munthu akuseka. Ine chibadwire kuseka kumeneko ndinali ndisanakumvepo. Ndinacheuka kuti mwina ndanyamula munthu wina.

Tinagona kwa amalume, m'mawa mwake tinatsikira kukamtsinje kaja. Njira yakale inatsekeka ndi minda, koma iwo ankangoyenda molunjika ngati anachokapo dzulo. Pansi pa mtengo wa mkuyu anagwada, anapisa dzanja m'gomo la mtsinje mpaka m'chigongono, n'kutulutsa dothi. Lotuwadi ngati nkhunda, losalala ngati sopo. Anakhala nalo m'manja nthawi yaitali. Pamenepo m'pamene anandiuza nkhani imene ndikukhulupirira kuti inunso simuidziwa, ngakhale ndinu woyamba kubadwa.

Akuti chaka chimene anafika kwathu kuno monga mtengwa, ankapukwa kwawo. Ndiye anatenga dothi limeneli, limene anabwera nalo m'kansalu, n'kulemba phiri la Ntchisi pakhoma la kanyumba kawo koyamba, ndi kakowa mmodzi akuuluka. Akazi a pamudzi anasonkhana, anaseka mpaka kugwirana mapewa. Ena anati mtengwayu mtima uli kwawo, athawa ameneyu. Ena anati akuitana mizimu ya kwawo kuti idzakhale pamudzi pa eni. Bambo atabwerako kumunda anamva zonsezo, anangotenga mtsiro wakuda n'kumata khoma lonse ndi manja awo. Taganizani, bambo athu aja, mwamuna wandevu, kuzira pamaso pa akazi.

"Abambo ako sanali oipa," anatero amayi, "ankangoopa kusekedwa. Inenso ndinaopa nawo."

Ndinati, "Ndiye zaka zonsezi munangosiya?"

Anati, "Kusiya? Ndikamayanika ufa pamphasa ndinkalemba ndi chala, ndikamva mapazi n'kufafaniza. Ufa wonse munakulira inu uja munali mapiri ndi mbalame. Munadya, simunadziwe."

Ine, amene mukundidziwa kuti pakamwa sipauma, ndinangoti mwina n'chifukwa chake miyendo yanga sikhazikika, ndinadya mbalame zambiri.

Titabwerako ndi thumba la dothi lija, khoma linayamba kukula tsiku ndi tsiku. Ndikanakonda ndikanakhala ndi sukulu yanu kuti ndikufotokozereni bwino. Kukona yakumpoto kuli phiri la Ntchisi, lotuwa, lakutali, ndi nkhalango yake pamutu ngati munthu wokana kumeta. Nkhungu anaidinda ndi chitsononkho, ndipo ukaiyang'anitsitsa umamva kuzizira ngakhale masana a Okutobala. Chimanga chake n'chachitali kuposa mapiri, ngaiyaye zikukhudza udzu wa denga. Pali akazi ochokera kumadzi, m'mitsuko mwawo mukutuluka akakowa. Pali tchalitchi chathu, koma pamalo pa belu anaikapo duwa la dzungu. Ndipo pamwamba pa nkhungu pakuyenda ngolo ya bambo ndi ng'ombe zawo ziwiri zakuda, bambo ali chikhalire ndi chikoti chawo chija chong'ambika pathumba, mateyala osagunda pansi.

Ndinati, "Amayi, ngolo yanuyi ilibe msewu?"

Anati, "Kumene ali abambo ako msewu ngwachiyani?"

Ndinati, "Nanga simukuopa kuti atsika adzamatenso mtsiro?"

Anati, "Ndawapatsa ngolo yoyenda m'mwamba. Atsika n'chiyani?"

Anthu opita kuchigayo anayamba kutula matumba panjira paja. Ena amaseka, monga kale, koma amaseka ataima, osachoka. Tsiku lina kunabwera a Yufi awiri ndi malaya awo ofiira kudzaona makhadi a chipani cha tambala wakuda. Makhadi tili nawo, musaope, ngakhale la mbuzi tikanagula. Koma ataona khoma anaiwala chimene anadzera. Wamkuluyo anayenda uku ndi uku, manja kumbuyo, kenaka anati, "Mayi, zonsezi zili bwino, koma tambala ali kuti?" Ndinaopa, achimwene, chifukwa ndende ya ku Dzaleka siili patali, ndipo ine ndi kuzizira kwa kumeneko sitingagwirizane. Amayi osatekeseka n'komwe. Anati, "Ali kuseri kwa phirilo, mwanawe. Nanga dzuwa likutulukalo walidzutsa ndani?" Mnyamata uja anayang'ana kachikasu kosuzumira kuseri kwa phiri, anagwedeza mutu, n'kumapita wokhutira. Mnzake wamng'onoyo anatsalira pang'ono, n'kufunsa motsitsa mawu ngati kwawo ku Dzoole kungaoneke pakhomapo. Amayi anamuikira kadontho kotuwa kumadzulo. Anachoka akumwetulira ngati wapatsidwa munda.

Mwina mukuti, chabwino, alembe pakhoma la nyumba yatsopano, lidzakhala lalikulu ndi losalala. Nanenso ndinatero kwa amayi. Lamulungu lotsatira, Misa itatha, ndinawaona akuzembera kuseri kwa sukulu ya pamishoni, kumene kuli khoma la simenti. Anamasula kampira ka dothi pa ngodya ya chitenje, analavulira, n'kupaka kamzere. Lachiwiri anandituma kuti ndikaone. Ndinapeza lauma, lasweka, likugwa lokha ngati nkhanambo. Nditawauza anangoti, "Ndinadziwa. Khoma limenelo silimwa. Lili ngati munthu amene ukulankhula naye koma maso ali kwina." Basi, sanatchulenso.

Apa ndafika pamene ndakhala ndikuzungulira ngati galu wofuna pogona. Amayi anandiletsa kuti ndisakuuzeni, akuti mungasiye ntchito, koma ine kusamva ndi ntchito yanga kuyambira kale.

Ndinkawaseka kuti amalemba mphuno itagunda khoma, ndinkati tsiku lina adzalemba ndi mphunoyo. Ndinkawaseka akamagunda chitseko ndi phewa, akamafunafuna phale loti lili pambali pawo pomwepo. Tsiku lina nkhuku inalowa m'phale la dothi loyera pafupi ndi bondo lawo, iwo osaiona. Pamenepo sindinaseke. A Margareta anapita nawo kuchipatala cha mishoni. Asisitere anawaunika, akuti si ng'ala yoti n'kuchotsa ayi, ndi mdima wobwera kuchokera m'mbali, pang'onopang'ono, ndipo ukabwera subwerera. Anawapatsa mankhwala odontheza oti auchedwetse. Panopa amaona ngati munthu wosuzumira m'bango: kamalo kamodzi kakang'ono, kwina konse bii.

Mwamva, achimwene? Khoma limene anthu akutulira matumba lija, mwini wake sanalionepo lonse. Amaona kachigawo kokwana chikhatho, n'kusuntha, n'kuonanso kena. Lonse lili m'mutu mwawo. Ndiye madzulo aliwonse dzuwa likapendeka amandituma kuti ndikaime kunjira, n'kufuula, "Ukuona chiyani?" Poyamba ndinkati, "Ndikuona khoma!" Ankandiponyera chitsononkho. Tsopano ndinaphunzira. Ndimati phiri la kumanzere lalemera kwambiri, likufuna kugwera akazi a mitsuko. Ndimati nkhungu yachepa pansi pa ngolo, bambo agwa. Iwo amakonza. Amandifunsanso kuti mapiri enieniwo lero ali bwanji, ndiye ine Alexio, amene ndinkadziwa njira za kumowa zokha, ndimaima ngati chitsa n'kumayang'ana masamba atsopano a mombo, kuti ndidziwe ngati ali ofiira ngati katondo kapena ngati chiwindi. Anzanga a pa bawo akuti ndalodzedwa. Mwina n'zoona.

Kumunsi kwenikweni kwa khoma, pakona pamene mbuzi zimadzikhula, pali kanjinga kakutsika phiri, kumbuyo kuli nkhalamba yotambasula miyendo, duku likuuluka. Musafunse kuti analemba ndani. Mateyala ake ndi opindika ngati zilembo izi. Amayi anakapeza ndi zala, anakasisita kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, n'kunena kuti, "Sukulu unathawa ija sinali yako." Sindikudziwa ngati kumeneko n'kunditukwana.

Ndiye Lolemba lija a Vinsenti anafika ndi piki ndi anyamata awo. Ine ndinali kunazale. Pobwera ndinapeza mphasa, miphika ndi kabokosi ka amayi zili pansi pa mango. Anatulutsa okha, palibe anawauza. Maphale awo anawasanjikiza bwinobwino pambali. A Vinsenti anali ataima kutsogolo kwa khoma, piki ili pansi, akukanda m'mutu.

Amayi anati, "Yambani, bambo. Mwana wanga watumiza malata kuchokera kutali, sindingamuchititse manyazi chifukwa cha matope."

A Vinsenti anati, "Mayi, ine ndagwetsa nyumba zambiri, koma iyi ndiyambire pati? Paliponse pali munthu."

Ine ndinangokhala pakhonde, n'kutsamira khomalo, n'kupinda miyendo. Ndinati, "A Vinsenti, yambirani pano pali ine. Mukatero mukawauze a Agustino kuti mwawachotsera katundu wolemera."

Amayi anandikalipira, anati ndilibe ulemu kwa mkulu wanga, anati ndikhala wopanda pake mpaka imvi. Kenaka anati, "Ndi dothi chabe ili. Ngakhale musagwetse, mvula idzachotsa. Ikachotsa ndidzalemba lina chaka cha mawa."

Atanena kuti chaka cha mawa anasiyira pomwepo. Ine ndinayang'ana pansi. A Margareta, amene anali atabwera ndi mwana kumsana, anatembenuka n'kumakonza mbereko yoti inali bwinobwino. A Vinsenti sakudziwa za maso, koma anatola piki yawo. Anati adikira mpaka tsiku la Oyera Onse, pa 1 Novembala. Likadutsa osamva mawu anu, akupita ku Mponela kumene kuli ntchito ina, ndipo sadzapezekanso mpaka mvula itatha.

Pali china chimene sindinakuuzeni cha pakhomapo. Pakati penipeni pali msewu wofiira wotsika kuchokera pokwerera basi, kudutsa pa mango, kufika pakhomo. Pamsewupo anasiyapo malo okwana lichero, opanda kanthu. Aliyense alipo: a Margareta alipo ndi mwana, bambo ali m'mwamba, ine anandiika nditagona pansi pa mtengo, zimene ndi bodza lamkunkhuniza. Koma malo amenewo ali mbee. Ndinawapatsa chithunzi chanu chija cha suti ndi chipewa ndi magalasi akuda kuti aonerepo. Anachiyandikiza kumaso, anachisuntha uku ndi uku, n'kundibwezera.

"Apa ndikuona chipewa ndi mawindo awiri. Mwana wanga ali kuti?"

Akuti nkhope imene akuikumbukira ndi ya mnyamata amene anakwera basi, ndipo sakufuna kunamiza khoma. M'mawa uliwonse amawaza madzi pamalopo ndi kuwasalaza ndi chikhatho, kuti asachite ming'alu, akhale okonzeka. Amangowaza.

Choncho pempho langa ndi ili, ndipo ndagwada, ngakhale simukundiona ndipo simungakhulupirire. Nyumba yanu imangidwe, ndi yabwino, amayi akuyeneradi kugona posadontha. Koma imangidwe kutsidya kwa mango, kumene kunali nkhokwe. Malo alipo, ndayeza ndi a Vinsenti, akuti mpabwino kuposa pakale chifukwa madzi saima. Yakaleyi muisiye. Ndipo m'nyumba yatsopanoyo khoma limodzi lokha, la kuchipinda kwa amayi, lisaone simenti, timate ndi dothi. Anthu akadzafunsa kuti mwana wa ku Halale simenti inamuthera, ndidzati ndinagulitsa ine n'kumwera. Adzakhulupirira msanga.

Tumizani telegalamu ku parishi, abambo mfumu adzatipatsa. Musataye ndalama ndi mawu ambiri, amodzi okha akwana: LEKANI. Mukalemba kuti GWETSANI, nyumba ndi yanu, mawu ndi anu, ndidzachoka pakhondepo. Koma piki ndiye sindidzagwira, ndipo tsiku limenelo ndidzawakweza amayi panjinga kupita nawo kutali kuti asamve kugunda.

China, kuti mutukwanire kumodzi. Sabata yatha kumwamba kunachita mdima, chizimalupsa chinawaza pang'ono, madontho ena anagwera pa ng'ombe ya bambo ya pakhomapo n'kuitsitsa misozi yakuda. Ndiye ndinatenga ena mwa malata anu atsopano aja, ndinadzika mitengo, n'kukhoma kakhumbi kotchinga khomalo. Inde, ndawaboola ndi misomali. Inde, ndi okhota, ndakhoma ine. Mbama yake ndikusungirani tsaya lakumanja, lakumanzere lili ndi dzino lobowoka. Koma kuti mundimenye muyenera kubwera, ndipo mukamabwera musadikire Khirisimasi ya chaka china monga mumanenera m'kalata iliyonse. Bango lija likunka lichepa, achimwene. Mwezi wathawu ankaona nkhope yanga yonse. Pano amayamba maso, kenaka pakamwa, akuti kuti adziwe ngati ndikunama. Bwana wanu wa pahotela mumuuze kuti mbale adzatsuka yekha milungu iwiri, safa. Magalasi akudawo mukawasiye komweko.

A Margareta akupereka moni, akuti nsalu munalonjeza ija asiya kuidikira, mungobwera ndi thupi lanu. Alamu anu akupereka moni. Amalume a ku Ntchisi anati ndikadzalemba ndidzakuuzeni kuti akalamba. Anzanu a pa bawo akufunsa ngati mukadali wobera. Moni kwa onse a kwathu amene muli nawo kumeneko, muwauze kuti mapiri akadali pomwe anawasiya.

Amayi ndawauza kuti ndikulemba za mbuzi ndi fodya basi. Ndawafunsa kuti moni wawo ndilembe chiyani. Angoti ndiwapatse pepala. Ndiye chimene mukuchiona pansipa si litsiro, musachipukute, ndipo musachiuzire. Ndi chala chawo chachikulu, adinda ndi dothi lija la ku Ntchisi, lotuwa, lopakira zinthu zakutali. Mwina pofika kumeneko likhala litayoyokera m'thumba la a Obadiya, koma mudzaona pamene linali.

Akuti ndikuuzeni kuti lofiira akusungirani m'phale, avundikira kuti lisaume.

Ndine mng'ono wanu wosamva uja,
Alexio.